Kainjini ka Ndege Komwe Ndinakwecha

LOLEMBA

Mvula. Glasgow ndi yomweyo.

Sabata ino ndi yanga yokolopa masitepe a nyumba yathu kuno ku Dennistoun, kuyambira pamwamba mpaka pakhomo lakumsewu. Ndikufika pa fulati yapansi, agogo Moira akutsegula chitseko. Akusamuka mwezi wamawa, akupita kukakhala ndi mwana wawo ku Partick, ndiye akutaya katundu. Akundipatsa katoni. Akuti, "Izi ndi zidole za malemu amuna anga. Tenga, mwana wanga. Ugulitse, utaye, upatse ana, zili ndi iwe."

Ndikulandira ndi manja awiri ngakhale katoniyo ikununkha ngati garaja.

M'katonimo muli:
- kainjini kokwana m'dzanja, kali m'kabokosi kakekake kong'ambika m'makona
- bokosi lalitali lomata, pamwamba pali chithunzi cha ndege, ukaligwedeza mukulira timatabwa
- chogwirira chathabwa chokhala ndi mawaya awiri ataliatali
- akangaude awiri, mmodzi wamoyo

Agogo akufotokoza. Amuna awo ankagwira ntchito yopanga sitima zapamadzi ku Govan. Loweruka lililonse ankapita kupaki, kumangirira kandege ku mawayawa, kuliza injini, n'kuima pakati pa bwalo. Ndege ikuzungulira, iwo akuzungulira nayo, mpaka mafuta atatha. Munthu wamkulu, wa ana atatu! Ine ndikungoti "Ooo" mwaulemu.

Madzulo ndikulemba pa foni mawu omwe ali pa kabokosi, kungofuna kudziwa bini yoyenera kutayamo. Mayo ine! Pa intaneti pali malo a okushoni pomwe azibambo akulimbirana tinthu timeneti. Kainjini konga aka kanagulidwa mapaundi 310. Kena 280. Bokosi la timatabwa topangira ndege, 150. Ndikupukuta magalasi, ndikuonanso. Sizinasinthe.

Ndikhale pansi ndilembe bwinobwino. Mwezi wamawa kumudzi ku Ntcheu kuli mwambo wovundukula chiliza cha amayi. Ku maliro awo sindinapite, mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Ndinalirira m'khitchini muno, achemwali anga a Esinati atakweza foni m'mwamba kumandako kuti ndimve nyimbo. Zaka zinayi zapita, manda a mayi anga sindinawaone ndi maso angawa, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse. Ndakhala ndikusunga ya tikiti koma ikuperewera mapaundi 350. Ndinali nditagonja kale.

Pulani:
1. Kukonza katunduyu aoneke bwino.
2. Kujambula.
3. Kugulitsa.
4. Lilongwe!

Bambo a Tadala, amuna anga, akusuzumira m'katoni n'kunena kuti, "Musakhudze kanthu musanafunse odziwa." Iwowa ndi oyendetsa basi. Za ndege azidziwira kuti?

LACHIWIRI

Lero sindili pa shifiti. Tsiku lokonza katundu.

Ndikutulutsa kainjini m'kabokosi. Uve! Mafuta akale aumirira paliponse, akuda, onanda. Kamutu kake n'kofiira mothimbirira. Ine ndimakolopa mawodi pa chipatala chachikulu cha ku Govan, ndipo manesi amaidziwa ntchito yanga. Sindingaike chithunzi cha chinthu chotere pa intaneti dziko lonse lione, anthu aziti mayi wa ku Malawi uja ndi wauve.

Amayi ankati ukafuna kudziwa mkazi usayang'ane nkhope, tembenuza sefuliya yake. Ndipo ankatembenuzadi. Ukakwecha ndi mchenga mpaka zala kutupa, iwo n'kufika, m'kati osayang'ana n'komwe, kungoitembenuza. "Pansi pano wasiyira ndani?" Ubwererenso kumjigo.

Zida zanga:
- madzi otentha
- sopo wa mbale
- mswachi wakale wa bambo a Tadala (wakale kuyambira lero)
- waya wokwechera masefuliya

Maola awiri athunthu. Mafuta achoka. Kufiira kuja nako kukuchoka, kusonyeza kuti linali dzimbiri basi. Tsopano kainjini kali mbee, kakuwala ngati supuni yatsopano. Ndikunyadira, sindibisa.

Kabokosi kong'ambika kaja, ndi timapepala tachikasu tomwe tinali m'katimo, ndaponya mu bini ya mapepala kuseri kwa nyumba. Ndani angagule chinthu chili m'bokosi lonunkha nkhungu? M'malo mwake ndayala kansalu koluka kaja ka alendo. Zithunzi zakongola kuposa za ukwati wanga.

Bokosi lalitali nalo ndalimatula kuti mpweya ulowe. Timatabwa take n'topepuka ngati mapesi. Kamodzi kathyoka ndikupukuta fumbi. Tiwiri, kunena zoona. Ndamata ndi selotepi, sizikuoneka kwenikweni ukaima patali.

Bambo a Tadala abwera kuntchito. Ayang'ana kainjini, ayang'ana mswachi wawo, ayang'ana ine. Apita kukasamba.

LACHITATU

M'mawa ndisananyamuke, ndaika katundu yense pa okushoni. Masiku atatu, ikutha Loweruka 4 koloko masana. Mtengo woyambira, mapaundi 20. Ndalemba kuti: "Yoyera bwino, yochokera m'nyumba yaukhondo."

Nthawi ya buleki, uthenga. Bambo wina wa ku Yorkshire, mmodzi wa anthu osonkhanitsa tinthu takaleti.

"Mayi, kabokosi kake muli nako? Ndipo mutu wa injini ya mtunduwu umakhala wofiira. Chachitika n'chiyani?"

Ndikuyankha monyadira kuti ndachapa.

Ndikudikira kuyamikiridwa. Kenako mawu amodzi: "Mwachapa."

Kenako kalata yaitali, yaulemu ngati uthenga wa pa maliro. Mfundo zake:
- kufiira kuja si dzimbiri, ndi utoto wa kufakitale, ndipo ndi umene anthu amausaka
- mafuta akale aja ndi amene amateteza chitsulo
- kabokosi ndi timapepala take ndi theka la mtengo
- bokosi la timatabwa limadula likakhala losatsegula

Akumaliza ndi kunena kuti, "Mukanazisiya mmene munazipezera, ndikanapereka 400 osaganiza kawiri. Komabe ndiyeserako, zida zake zingandithandize."

Ndikukhala pa chidebe chovundikira m'kachipinda kosungira mamopu. Dziko lanji ili, lomwe munthu amalipira litsiro n'kukana ukhondo?

Poweruka ndikuthamanga, sitima, basi, masitepe, kuseri kwa nyumba. Bini ili mbee. Galimoto ya zinyalala yomwe imachedwa chaka chonse, lero yafika nthawi yake.

Mtengo madzulo ano: 32.

Pa chakudya, bambo a Tadala osakweza n'komwe maso akuti, "Safunsa anadya phula." Ndawapatsa chipapiko cha nkhuku. Ntchafu zonse ziwiri ndadya ndekha.

LACHINAYI

Ndadzuka, 35. Pa basi, 35. Wodi yoyamba, 35. Wodi yachiwiri, 38. M'chimbudzi, 41. Batire latsala pang'ono kutha.

Mapaundi 41 safika nawe ngakhale ku London.

Madzulo mapemphero a amayi a kutchalitchi, kunyumba kwa Mayi Gondwe ku Govan. Mayi Gondwe ndi apampando athu, akuluakulu, mawu awo safuna maikolofoni. Ndiwonso mwini okushoni ya kutchalitchi. Kwathu okushoni imayenda motere: keke imodzi patebulo, amayi mbali ino, abambo mbali iyo. Aliyense wotchula mtengo amaponya kangachepe m'mbale, manambala amangokwera mpaka kumwamba, chachikulu n'chakuti keke isapite mbali inayo. Opambana akavina, amaibwezanso patebulo. Keke ya chaka chatha inagulitsidwa katatu isanadulidwe.

Nthawi ya zopempha ndikungoti, "Mundipempherere, ndili ndi chosowa chapadera." Ndikuyesa zithera pomwepo. Ndaiwala kuti pagulu lino chosowa chapadera sichituluka pakhomo chisanaululidwe. Akundifunsa, akundifunsanso, mpaka ndikunena zonse: kainjini, waya wokwechera, tikiti, chiliza. Pa nkhani yokwecha onse akugwedeza mutu kuti ndinachita bwino. Pa nkhani ya malemu amayi anga, misozi yokhayokha.

Mayi Gondwe akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako akuwongoka.

"Okushoni? Mwana wathu ali pa okushoni ife osadziwa? Tumizani linkiyo pa gulupu, pompano!"

Ndikutumiza. Ndikuganiza kuti aipereka kwa mabwana awo kuntchito, mwina pali wina wokonda ndege.

Pobwerera, ndikutuluka m'sitima yapansi pa nthaka, foni ikugwira netiweki. 55! Pemphero silinayankhidwepo msanga chonchi.

LACHISANU

7 koloko: 70!
10 koloko: 105!!
Hafu pasiti teni: 130!!!

Mopu ikuyenda yokha lero. Ndapatsa moni dokotala yemwe sayankha moni, ndipo wayankha.

Malo a okushoniwa amabisa mayina a otchula mitengo, amangoonetsa timanyenyezi. Koma ndikuwerenga anthu oposa khumi. Khumi! Ndiye kuti bambo wa ku Yorkshire uja ankangofuna kundiopseza kuti atenge motchipa. Ndamudziwa. Timanyenyezi take ndikutizindikira, nayenso akulimbikira: 120, 150, 180. Akangoika mtengo, wina akumudumpha mphindi yomweyo.

1 koloko: 240.

Uthenga wake: "Mayi, sindikudziwa anthu awa ndi ndani, koma si anthu a ndege. Injini yokwechedwa siingafike pamenepa. Ine ndaima pa 180. Zabwino zonse."

Pitani bwino, bambo! Chalaka bakha nkhuku singatole. Anthu odziwa ukhondo alipo padziko.

3 koloko: 310. Ndikuimbira a Esinati nditaima pakhonde la chipatala.

"Achemwali, ndikubwera!"

Nthungululu mpaka foni kunjenjemera. Akuitana anthu, ndikumva azakhali, ndikumva ana, ndikumva wina akufunsa ngati ndibweretsa foni. A Esinati akuti banja lonse likusoketsa nsalu imodzi ya pa mwambowo, nditumize miyeso lero lomwe telala asatseke. Ndatumiza. M'chiuno ndachotsako mainchi awiri, mwezi ulipo.

Pa gulupu ya amayi mwadzaza mauthenga. Ndamvera umodzi wokha, wa Mayi Gondwe: "Amayi, tisagone! Mlendo asatilande chinthu pakhomo pathu pomwe! Amene ali pa buleki agwire foni!" Iyenera kuti ndi nkhani ya holo ija yomwe gulu lina likufuna kubwereka Lamulungu. Ndilibe nthawi ya zimenezo.

Zoti ndigule popita:
- sutikesi, yakale ija thayala linachoka
- jekete la a Esinati
- nkhata ya maluwa, yaikulu, ndikaiike ndekha ndi manja angawa

Bambo a Tadala akuyang'ana foni yanga nthawi yaitali. Akuti, "Mayi a Tadala, mwaona nthawi zomwe mitengoyi ikukwera? Ndi nthawi ya buleki ya anthu ogwira ntchito za keya, zosamalira okalamba."

Nsanje ndi matenda. Ndawapatsanso chipapiko.

LOWERUKA

Sindikuchapa, sindikuphika, sindikuyankha aliyense. Ndakhala pa sofa, foni ili pa chaja, chaja ili m'khoma.

Mphindi khumi zatsala: 380.
Mphindi zitatu: 395.
Mphindi imodzi: 410.
Yatha: 415!!!

Ndavina ndekha pabalaza mpaka agogo Moira pansipa agogoda denga lawo ndi tsache. Tikiti yakwana, sutikesi yakwana. Amayi, ndikubwera!

Kenako uthenga wa malo a okushoni, woonetsa wopambana ndi komwe nditumize katundu. Ndikuyembekezera London, kapena Germany, kapena America.

Govan.

Ndikuwerenga dzina. Ndikuwerenganso. Ndisanamalize, foni ikuitana, ndipo dzina lomwelo lili pagalasi.

"Tapambana!" Ndi Mayi Gondwe, kumbuyo kwawo kuli nthungululu. "Bambo uja tamuthamangitsa! Anayesa akulimbana ndi ana. Amayi folotini, mwana wanga, ena atsegula maakaunti dzulo lomweli. Mayi Banda amakweza mtengo ali pa basi!"

Ndikufunsa mwaulemu za mapaundi 415.

Akuseka. "Aaa inu, imeneyo ndi nambala chabe, yoopsezera adani. Mawa aliyense aponya faifi paundi yake m'mbale monga mwa nthawi zonse. Ndipo kainjiniko tikubwezerani, ife tikatani nako?"

Ndikuti, "Zikomo kwambiri, amayi. Ambuye akudalitseni." Nanga ndikanati chiyani kwa munthu wamkulu yemwe wasiya ntchito zake masiku awiri chifukwa cha ine?

Zotsatira, mwadongosolo lake:
1. Ndalembera malo a okushoni kuti wogula salipira.
2. Andiyankha kuti aona anthu odziwana akukwezerana mitengo, zomwe n'zoletsedwa, ndipo akaunti yanga aitseka.
3. Ndalembera bambo wa ku Yorkshire, modzichepetsa, kufunsa ngati 180 ija ikadalipo.
4. Ayankha: "Pepani mayi, ndagula ina m'mawa uno, ili ndi kabokosi kake. Mukadzapeza ina, chonde musadzaichape."

Buku langa, kwa iwe sindinama. Ndinadziwa. Ndinadziwa Lachinayi lomwe lija potuluka m'sitima. Pemphero limayankhidwa, inde, koma silikhala ndi akaunti. Ndinkangofuna kuti nambalayo ikhale yoona, ndiye ndinasiya kumvera mauthenga a pa gulupu. Walira mvula walira matope.

Bambo a Tadala sananene mwambi uliwonse. Aphika tiyi, aika patebulo, akhala pambali panga. Zikanakhala bwino akananena mwambi, ndikanapeza wokalipira.

LAMULUNGU

Mvula.

Kutchalitchi, mapemphero atatha, amayi andiimika kutsogolo. Mbale ikuyenda, nyimbo ikuimbidwa, aliyense akubwera akuvina ndi faifi paundi yake m'mwamba. Awa ndi anthu omwe usana wonse amatembenuza okalamba pabedi. Ndabwera nditakwiya, ndinakonza ngakhale nkhope yake. Yakana kukhala. Ndikulira pamaso pa mpingo wonse, ndipo iwo akuyesa ndi chimwemwe. Mwina theka lake n'chimwemwedi.

Mu envulopu: mapaundi 70.

Mayi Gondwe akundinong'oneza, monong'ona mwawo momveka mpaka kukhomo: "Mukaikenso mawa, tikwezanso. Ulendo uno tifika sauzande." Ndikuwauza kuti akaunti aitseka. Akuti, "Ndi Satana ameneyo."

Masana ndikuimbira a Esinati. Ndikuyamba ndi mvula, ndikufunsa za chimanga, za telala. Iwo akudziwa kale, ndi achemwali anga. Akuti, "Nena, sukubwera eti?" Ndikuvomera. Kenako iwo akuti:

"Diresi lako lasokedwa kale. Ndilisunga. Pa tsikulo ndidzakweza foni ngati kale lija, koma ulendo uno ndidzaika vidiyo, udzaone."

Ndawatumizira mapaundi 70 aja agulire nkhata ya maluwa. Yaikulu. Ndawauza kuti palembedwe kuti yachokera kwa ine ndi amayi khumi ndi anayi a ku Glasgow.

Madzulo agogo Moira akukwera masitepe pang'onopang'ono, abweretsa kapulopela kathabwa, kozungulira kutsogolo kwa ndege, komwe apeza m'dirowa. Akuona kainjini patebulo, akuvala magalasi, akukanyamula. Ine ndikukonzekera kupepesa.

Akuti, "Zaka makumi anayi ndakhala ndikufuna kukakwecha kanthu aka. Sankandilola ngakhale kukapukuta." Akuseka mpaka kugwira mpando.

Ndikuwafunsa ngati kandege ka amuna awo kanapitako kutali. Akuti ayi, nanga si kanali pa mawaya? Kankangozungulira pomwepo, mafuta akatha n'kutera pa udzu womwe kanyamukira.

Chabwino. Ndege ndili nayo, ya mtundu umenewo.

Zotsala m'nyumba muno:
- timatabwa ta selotepi
- mawaya awiri
- ndalama ya tikiti yomwe ikuperewerabe 350
- ngongole ya mswachi kwa bambo a Tadala

Agogo atapita, kainjini ndakaika pashelefu, pambali pa chithunzi cha amayi. Kakuwala bwino pamenepo. Ndakhala ndikuwayang'ana amayi, iwo akundiyang'ana, ndi maso awo aja a kumjigo. Ndanyamuka, ndakatenga kainjini, ndakatembenuza.

Pansi pake pali mafuta akuda. Sindinafikepo.

Ndikutenthetsa madzi.